Kuoneranso Sewero Lakale: Maganizo pa "Tikuferanji" ndi Masewero a pa Zikondwerero

M'mabanja ambiri a mumzinda wa Blantyre mwakhazikika chizolowezi chimene chiyenera kuganiziridwa mofatsa. Madzulo nsima itadyedwa, anthu a ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ngakhalenso a m'nyumba za mipanda ku Namiwawa, amakhala pansi nkumaonera sewero limene adaliona kale. Ena amalipeza pa wailesi yakanema ikamabwereza zigawo zakale, ena amalifufuza pa intaneti, ndipo ena amapita kwa anyamata a makompyuta pafupi ndi msika wa Limbe kukaikitsa zigawozo m'mafoni mwao. Mathero a nkhani amawadziwa, mwina ndi mau omwe amene wosewera ati anene, komabe amaseka pamalo pomwe adasekapo kale, nadandaula pomwe adadandaulapo kale. Pa nyengo ya Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene banja lonse lili pakhomo, chizolowezichi chimakula.

Kodi munthu wanzeru zake amafunanji m'nkhani imene mathero ake akuwadziwa? Yankho lapafupi nlakuti ndi ulesi chabe, kapena kusowa chochita. Yankho limeneli ife sitikhutira nalo. Ganizo lathu ndi ili: sewero lobwerezedwa silisintha, wosintha ndi woonera. Nchifukwa chake sewero lakale limasanduka muyeso umene munthu ndi mtundu wa anthu angadziyese nao, kuti aone pamene achokera ndi chimene ayamba kuiwala. Tifuna kuyesa ganizoli pa sewero limene Amalawi ambiri amalidziwa, la Tikuferanji, kenaka pa masewero a masiku a zikondwerero.

Gwero la sewero losatha

Sewero la zigawo zotsatizana, lopanda mathero, lidabadwira pa wailesi za ku America m'zaka za m'ma 1930. Makampani opanga sopo, monga Procter & Gamble, ndiwo ankalipira nthawi yake pofuna kuti amai otsala pakhomo masana amve za malonda ao, ndipo mpaka lero dzina la masewerowa m'Chingerezi limatchula sopo. Lina mwa iwo, Guiding Light, lidayamba pa wailesi mu 1937, lidalowa pa kanema mu 1952, ndipo lidatha mu 2009 patapita zaka 72. Ku Britain, Coronation Street idayamba mu December 1960. Koma kumenekonso kudabadwa mtundu wina: mu 1951 wailesi ya BBC idayamba kuulutsa m'dziko lonse sewero la The Archers, limene cholinga chake china chinali kuphunzitsa alimi njira zatsopano pamene chakudya chinali chikadali chosowa nkhondo itatha. Tsono kuyambira pachiyambi pali mibadwo iwiri ya sewero lotere: lina lidabadwa kuti ligulitse, lina kuti liphunzitse.

Masewero athu a kuno ambiri ndi a mbadwo wachiwiriwu. MBC idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo pa ulamuliro wonse wa Dr. Kamuzu Banda dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakanema. Television Malawi idatsegulidwa mu April 1999, pamene anansi athu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali ataonera kanema kwa zaka zoposa makumi atatu. Pa zaka zonsezo Mmalawi ankaonera sewero ndi makutu. Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino, ndipo pambuyo pake Zimachitika wa bungwe la Story Workshop, adaphunzitsa mtundu wonse kuzindikira munthu pa liwu lake ndi kutsata nkhani imene imayenda ndi mau. Izi zitithandiza kumvetsa chifukwa chake masewero athu a pa kanema ali olankhulalankhula. Kamera imaima malo amodzi, anthu awiri akhala pakhonde kapena pabalaza, ndipo nkhani yonse ili m'kamwa mwao. Mai amene akutsuka mbale kukhitchini angathe kulitsata sewero lonse osaphonya kanthu. Amene adazolowera Generations ndi Isidingo a ku South Africa, kapena masewero a ku India a pa Zee World, amaona ngati uku nkusauka kwa luso. Mwina kusowa kwa zipangizo kudalipo ndithu, koma palinso cholowa cha wailesi ndi cha bwalo la milandu la kumudzi, kumene nkhani imapambana ndi pakamwa.

Funso limene lidasanduka dzina

Tikuferanji lidakonzedwa ndi bungwe la ADRA, la mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo lidamveka pa wailesi ya MBC ndi kuonekanso pa kanema kwa zaka zambiri. Mwini nkhani ndi Michael Usi, amene ankasewera ngati Manganya. Kuti timvetse kulemera kwa dzina la seweroli tiyenera kukumbukira masiku amene lidabadwira. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi adapezeka mu 1985. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth adaonetsa kuti mwa amai khumi oyembekezera obwera ku sikelo, pafupifupi atatu anali ndi kachirombo. Akalipentala adasiya kukhoma mipando nayamba kukhoma mabokosi, ndipo ankawaika m'mbali mwa miseu ngati malonda ena onse. Ansembe a ku Limbe, ku CI ndi ku St. Pius ankachoka pa manda ena kuthamangira pa manda ena. Komabe dzina la nthendayo silinkatchulidwa. Anthu ankati kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma; pa maliro wolankhulira banja ankangoti malemuwa adadwala nthawi yaitali. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi adanena poyera mu 2004 kuti mbale wake adamwalira ndi Edzi, idali nkhani yaikulu, chifukwa akuluakulu sankalankhula motero.

M'kati mwa chete woteroyo, sewero lidadzitcha dzina la funso limene aliyense anali nalo mumtima. Apa pali ubwino wake woyamba. Wachiwiri ndi wakuti funso loopsalo lidaperekedwa m'manja mwa munthu woseketsa. Manganya ndi mdzukulu wa Kalulu wa m'nthano zathu: wochenjera, wapakamwa, wodziwa kudzitulutsa m'mavuto amene wadziika yekha, munthu amene sitingamkhulupirire koma sitingathenso kudana naye. Pa mwambo wathu bambo sangakambe za kuchipinda pamaso pa mwana wake wamkazi, ndipo mkamwini sangazitchule apongozi ali pomwepo. Koma onsewa angathe kukhala m'chipinda chimodzi nkuseka Manganya, ndipo akaseka pamodzi ndiye kuti onse avomereza kuti nkhaniyo aimva. Chimene manyazi adatseka, phwete lidatsegula. Ife alaliki, amene masiku amenewo tinkafunafuna mau oyenera pa guwa, tiyenera kulipatsa ulemu luso limeneli.

Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo sewero lokondedwa liyenera kuuzidwanso pamene lidaperewera. Choyamba, sewero lophunzitsa limakhala ndi mwini uthenga kuseri, amene walipira kuti mfundo yakutiyakuti imveke. Nthawi ndi nthawi nkhani imaima, ndipo munthu amene tinkamuona ngati mnansi wathu amasanduka chikwangwani cha pachipatala, nayamba kulankhula mau osalala amene palibe Mmalawi adawalankhulapo pakhonde pake. Poonera koyamba izi zimapita mosazindikirika, pakuti mtima uli pa zimene zichitike. Poonera kachiwiri msoko umaoneka.

Chachiwiri nchachikulu koposa. Funso lakuti tikuferanji nlalikulu kuposa yankho limene sewero lophunzitsa lingathe kupereka. Sewero lotere limakonda chilungamo chofulumira: wachimasomaso adwale, wodziletsa apulumuke, kuti phunziro lioneke. Koma ife tidaika m'manda amai okhulupirika amene sadadziwe mwamuna wina, ndi makanda amene sadachimwe kalikonse. Kwa amenewa yankho lakuti tikufa chifukwa cha makhalidwe athu ndi lofanana ndi la abwenzi a Yobe, amene adaumirira kuti tsoka lililonse lili ndi tchimo lake. Yankholo lili ndi choona china, ndipo lidapulumutsa ena. Koma likaima lokha limasenzetsa wodwala katundu wachiwiri. Mayeso amenewa amagwera masewero onse a mtundu uwu, ndipo Tikuferanji silidawapewe nthawi zonse.

Chachitatu chichokera ku mpangidwe wa sewero losatha. Aristotle adaphunzitsa kuti nkhani yabwino ikhale ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Sewero la zigawo lili ndi pakati pokha. Manganya angathe kuphunzira kanthu sabata ino, koma sabata yamawa ayenera kukhala Manganya yemweyo, pakuti atatembenuka mtima kwathunthu sewero litha. Tsono sewero limene likuitana anthu kuti asinthe laima pa munthu amene saloledwa kusintha. Woonera amene waona zigawo zambiri motsatizana amayamba kuphunzira phunziro lina limene mlembi sadalifune, lakuti munthu ndi momwemo, amalapa Loweruka nkubwerera Lolemba. Kunena zoona, wansembe aliyense amene wakhala m'kanyumba kolapira zaka zingapo adzavomereza kuti chithunzi chimenechi sichili kutali ndi moyo. Koma ndi theka chabe la choona, ndipo theka linalo, la munthu amene wasinthadi, sewero losatha silitha kulionetsa.

Chimene chimachitika tikaonera kachiwiri

Poonera koyamba timafunsa kuti, kodi chichitike nchiyani? Poonera kachiwiri funso limenelo lafa, ndipo pamabadwa ena: zidatheka bwanji, zidayambira pati, ndani akadatha kuziletsa? Agriki akale ankapita kukaonera nkhani ya Oedipus akuidziwa kale kuyambira ubwana. Chimene ankafuna nkuona munthu akuyenda kulunjika ku dzenje limene iwo akuliona koma iye sakuliona. Ana athu nawonso amapempha agogo nthano yomweyo ya dzulo, ndipo agogo akasintha pang'ono amawakonza. Kudziwa mathero sikupha nkhani. Kumangosamutsa maso kuchoka pa zochitika kupita pa zifukwa, ndipo kumeneko ndiko kuyamba kwa nzeru.

Koma pali china. Kierkegaard, m'buku lake la mu 1843 lokamba za kubwereza, adalemba za munthu amene adabwerera ku Berlin, ku nyumba yomweyo ya zisudzo, kuti akapezenso chisangalalo chimene adachipeza pa ulendo woyamba, koma sadachipeze. Woonera wa ku Zingwangwa amakumana ndi zomwezo. Amatsegula chigawo chakale poganiza kuti abwerera kumene anali, koma amapeza kuti zinthu zinai zasuntha.

Choyamba ndi mzinda. Osafuna, ojambula adasunga Blantyre amene kulibenso: mafoni akuluakulu a mabatani, mavalidwe a masiku amenewo, mabwalo amene lero pali nyumba. Ndalama zimene anthu a m'sewero amakanganirana zimaseketsa ana a lero. Mpaka 2012 ndalama yaikulu yapepala inali K500. K1,000 idabwera chaka chimenecho, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022. Bambo amene akumva mtengo wakale wa thumba la chimanga m'kamwa mwa wosewera safunikanso katswiri womuuza mmene moyo wakwerera.

Chachiwiri ndi anthu. Amene amaoneranso Izeki ndi Jakobo akudziwa kuti John Nyanga adatisiya mu 2016 ndipo Eric Mabedi mu 2021. Amaseka nthabwala za anthu amene ali m'manda, ndipo kusekako kumakhala ndi kakomedwe kena. Koposa apo, woonera amakumbukira amene adakhala naye pa mpando tsiku loyamba lija. Masiku amenewo kanema anali wa nyumba imodzi pa mzere wonse, ndipo ana a anansi ankadzaza pansi mpaka pakhomo. Ambiri mwa amene adaseka nafe adatengedwa ndi nthenda yomwe sewero linkakamba. Kwa mai wamasiye wa ku Chirimba, chigawo chakale chili ngati kukazonda manda.

Chachitatu ndi nthenda yeniyeniyo. Mu 2004 boma lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV mwaulere m'zipatala, mothandizidwa ndi Global Fund. Kafukufuku wa dziko lonse wa chaka chimenecho adapeza kuti anthu 12 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachirombo. Wa mu 2015 ndi 2016 adapeza pafupifupi 9, ndipo ambiri mwa iwo akukhala ndi moyo, kugwira ntchito ndi kulera ana ao. Mnyamata wobadwa 2004 itapita, amene mwina lero ali m'seminale, amaona Manganya ngati woseketsa basi. Dzina la sewero kwa iye ndi dzina chabe. Apa ndi pamene pagona nkhawa yathu. Mtundu umene udaika ana ake ambiri chotere m'manda ungathe kuiwala m'mbadwo umodzi wokha, nkutsala ndi nthabwala zopanda maliro amene adazibala. Ndipo kuiwalako nkoopsa, pakuti chipulumutso chimene tili nacho chaima kwambiri pa thandizo lakunja. Pamene boma la America lidaimitsa thandizo lake ku maiko ena mu January 2025, ndipo bungwe la USAID lidatsekedwa chaka chomwecho, anthu ambiri amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku adagona ndi mantha amene ankayesa kuti adatha kale. Funso la sewero lija lidadzukanso. Paja akulu adati mau a akuluakulu amakoma akagonera.

Chachinai ndi wosewera mwini. Dr. Michael Usi adalowa ndale, adakhala nduna kuyambira 2020, ndipo Dr. Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, adasankhidwa kukhala wachiwiri kwa Pulezidenti, udindo umene adaugwira mpaka October 2025. Kuweruza ntchito yake ya ndale si cholinga cha nkhani ino. Chimene tikuona nchakuti woonera wa lero sangathenso kuona Manganya yekha. Womkonda Usi amamva ulosi m'mau alionse akale, womuda amamva kuchenjera kwa munthu amene ankadzikonzera njira. Onse awiri akuika m'sewero zimene panthawiyo munalibe. Wophunzira aliyense wa Malembo amaidziwa ngozi imeneyi, yowerenga zam'mbuyo ndi maso a zimene zidachitika pambuyo pake, ndipo mankhwala ake ndi amodzimodzi: kufunsa poyamba chimene mau adatanthauza kwa amene adawamva tsiku loyamba.

Masewero a pa zikondwerero

Ku Britain kuli mwambo wakuti masewero osatha amakhala ndi chigawo chapadera pa tsiku la Khrisimasi. Chodabwitsa nchakuti alembi amasungira tsiku limeneli zoopsa zonse. Pa Khrisimasi ya 1986 anthu oposa 30 miliyoni adaonera chigawo cha EastEnders m'mene mwamuna adapereka kwa mkazi wake makalata othetsa ukwati. Kuyambira pamenepo imfa, ndeu ndi kuululika kwa zinsinsi zakhala ngati ndiwo za tsikulo. Chifukwa chake nchosavuta: pa tsiku limeneli banja lonse lili pamodzi, la m'sewero ndi la oonera lomwe, ndipo pamene anthu asonkhana mpamene zobisika zimatuluka.

Kwathu kuno sewero la pa chikondwerero lidadzera njira zina. Achikulire akukumbukira 3 March m'masiku a chipani chimodzi. Pa tsiku lokumbukira ofera dziko panalibe kulima, kugulitsa kapena kusangalala poyera, ndipo wailesi inkaulutsa chaka ndi chaka sewero la mbiri ya John Chilembwe ndi nkhondo ya ufulu. Limeneli ndi sewero lobwerezedwa limene mtundu wonse udalidziwa. Njira ina ndi ya pabwalo la zisudzo: gulu la Kwathu lidazolowetsa anthu a mumzinda uno kuti nyengo ya Khrisimasi ikafika apite ku French Cultural Centre, imene tsopano ndi Blantyre Cultural Centre, kukaonera sewero latsopano. Njira yachitatu ndi ya m'maparishi athu, kumene ana amasewera kubadwa kwa Ambuye chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse Herode ndiye amaseketsa mpingo.

Tiyenera kuvomereza kuti sewero la pa Khrisimasi, likamaonetsa mikangano, limanena choona chimene nyimbo za nyengoyo zimabisa. Tikudziwa mmene Khrisimasi imakhalira m'mzinda muno. Ku Wenela mabasi adzaza ndi opita kumudzi. A ku Joni abwera ndi katundu, ndipo ena apeza pakhomo zinthu zimene sadazisiye. Mpunga ndi nkhuku zaphikidwa, ana avala za pa kaunjika wa ku Limbe, koma bambo akudziwa kuti Januwale akudza ndi fizi, lendi ndi feteleza wobereketsa. Mowa umamasula malilime, ndipo mlandu wa munda umene udagona chaka chonse umadzuka pa mphasa ya chakudya. Sewero limene limaonetsa zimenezi silinyoza chikondwerero. Ndipotu nkhani ya Betelehemu yeniyeniyo ili ndi kalembera wa atsamunda, kusowa malo ogona, mfumu yakupha ana ndi banja lothawira kunja.

Pamene limaperewera ndi pa mtendere. Popeza nkhani iyenera kupitirira mawa, sewero losatha silingathe kupereka chiyanjanitso chokhalitsa. Likayanjanitsa banja pa 25 December, woonera wozolowera amadziwa kuti pofika Chaka Chatsopano ayambananso. Ndipo chigawo cha Khrisimasi chikasungidwa m'foni, nkumaonedwa m'mwezi wa Julaye m'minibasi ya ku Machinjiri, chikondwerero chimachoka pa tsiku lake. Chikondwerero chenicheni chimafuna kudikira ndi kukonzekera, ndipo chimafuna kuti tonse tichite pa nthawi imodzi. Chimene munthu angathe kuchitsegula yekha nthawi iliyonse chataya mbali yaikulu ya mphamvu yake.

Mitundu itatu ya kubwereza

Kuchokera pa zonsezi tingathe kusiyanitsa mitundu itatu ya kubwereza. Woyamba ndi wokakamiza, monga wa 3 March wa masiku aja. Nkhani yake inali yoona ndi yolemekezeka, koma popeza inkabwera ndi mantha, ndiponso inkakonzedwa kuti mathero ake akweze wolamula wa nthawiyo, anthu ambiri adaphunzira kukhala chete koposa kukumbukira.

Wachiwiri ndi wothawirako. Munthu watopa ndi mitengo ya zinthu, ndi mizere ya mafuta, ndi nkhani za pa wailesi, ndipo amabwerera ku dziko limene sangadzidzimutsidwe ndi kanthu. Sitimuweruza mwankhanza, madzi saiwala khwawa, ndipo kupumula nkofunika. Koma Augustine Woyera, m'buku lachitatu la Confessiones, adadabwa ndi chisoni chimene ankachikonda m'nyumba za zisudzo ku Carthage, chisoni chimene chimakoma chifukwa sichituma munthu kukathandiza wina aliyense. Sewero lobwerezedwa ndilo chisoni chotetezeka koposa, pakuti ngakhale kudzidzimuka mulibe. Munthu angathe kulirira wodwala wa pa kanema kakhumi konse, pamene wodwala wa kuseri kwa nyumba yake sadamzonde nkamodzi komwe.

Wachitatu ndi wa chikumbutso. Ife sitingathe kunyoza kubwereza, pakuti moyo wathu wonse waima pa iko. Masalimo omwewo timawapemphera sabata ndi sabata, ndipo kuyambira 1969 mawerengo a Misa za Lamulungu amazungulira pa zaka zitatu nkuyambiranso. Chimene chimasiyanitsa chikumbutso ndi kuthawa nchakuti chikumbutso chimabweretsa zakale kuti zifunse za lero, ndipo munthu amachokapo ali ndi ngongole yoti abweze. Sitikunena kuti sewero la pa kanema lifanana ndi Ukaristia. Kutero kungakhale kusokoneza zinthu. Tikunena kuti njala imene imabweza munthu ku sewero lakale ndi mbale wake wa njala imene imambweza ku guwa, ndipo mbusa wanzeru sanyoza njala ya nkhosa zake.

Tsono chigawo chomwecho cha Tikuferanji chingathe kukhala kothawirako kwa wina ndi chikumbutso kwa mnzake. Kusiyana kuli pa zimene zimachitika kanema akazimitsidwa. Ngati aliyense adzuka nkukagona, sewero langodutsa. Ngati mwana afunsa kuti, kodi amai, zinalidi choncho, ndipo mai ayamba kutchula maina a azakhali ndi amalume amene mwanayo sadawaone, ndiye kuti sewero lagwira ntchito imene ngakhale alembi ake sadailote.

Kwa abale athu ansembe ndi a m'seminale

Chikalata cha Communio et Progressio cha mu 1971 chidapempha kuti okonzekera unsembe aphunzire mmene njira zofalitsira nkhani zimagwirira ntchito pa moyo wa anthu. Kwa ife kuno kumvera pempho limeneli kuyambire pa zimene Akhristu athu amaonera madzulo alionse. Tipereke maganizo atatu.

Loyamba, zigawo zakale za masewero athu ndi mbiri ya dziko, ndipo matepi amaonongeka. Amene ali nazo, kaya ndi nyumba zoulutsira mau, mabungwe kapena mabanja a osewera, ayenera kulimbikitsidwa kuzisunga mwadongosolo, monga momwe timasungira mabuku a ubatizo. Mdzukulu amene adzafune kudziwa mmene Amalawi ankalankhulira za imfa m'zaka za mliri adzaphunzira zambiri m'masewerowa kuposa m'malipoti.

Lachiwiri, nkotheka kuti mphakati kapena gulu la achinyamata lisonkhane tsiku lina, makamaka m'mwezi wa Novembala pamene timakumbukira omwalira, kapena pa 1 December, nkuonera chigawo chimodzi chakale akulu ndi ana pamodzi. Pambuyo pake akulu afotokoze zimene adaona ndi maso ao, ndipo afunsane ngati yankho la sewerolo likukwanira. Mufunso limeneli muli mpata wokamba za wodwala wosalakwa, za tsankho, ndi za udindo wathu kwa amene akumwa mankhwala lero.

Lachitatu likhudza ulaliki wathu. Anthu amaonera Manganya kakhumi osatopa, chifukwa amalankhula Chichewa cha pa msika, amatchula zinthu maina ake, ndipo amadziwa kuti munthu amamva bwino akayamba waseka. Ifenso tapatsidwa nkhani imene mathero ake mpingo wonse ukuwadziwa, ndipo tidzailalikanso pa Khrisimasi ikudzayi monga tidachitira chaka chatha. Nkhaniyo sidasinthe, koma amene adzakhale m'mabenchi asintha: wina waika mwana m'manda, wina ntchito yamthera, wina wabwera kuchokera ku Joni chimanjamanja. Wokonza ulaliki ayambe wafunsa chimene chachitikira anthu amenewa kuyambira pamene adaimva nkhaniyi komaliza.